Malaisensi Athu Anapita ndi Malemu

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Chiphaliwali Tekinoloje.

Wolemekezeka Bwana,

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndagwada pakhomo panu ine Esau Kamtedza, mwini kasukulu kophunzitsa kompyuta kuseri kwa chigayo ku Area 23. Pepani kuti kalatayi ndalemba pamanja. Chifukwa chake muchimva.

Chaka chatha munatigulitsa chimakina chotchedwa seva, chimene m'mimba mwake mumakhala makompyuta khumi osaoneka ndi maso. Wophunzira amangokhala ndi sikirini ndi kiyibodi, nzeru zonse zili m'chimakinamo. Kompyuta iliyonse munaipatsa laisensi yake, chilolezo choti pulogalamu yolembera izitseguka. Tinaomba m'manja. Lero ndabwera kudzathokozanso.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa kuti makompyuta nawonso amamwalira. Magetsi atazima mwezi wathawu, seva inadzuka itaiwala ana ake onse. Wilkins, katswiri wathu, anaumba ena khumi tsiku lomwelo. Koma atati awapatse malaisensi, sikirini inamuuza kuti onse ali ndi eni ake. Eni akewo ndi makompyuta omwalira aja. Tinkangomva za mizukwa yolandira malipiro m'maofesi. Sitinkadziwa kuti inunso mumaweta yanu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha malangizo anzeru. Mayi wa ku ofesi kwanu anatiuza pafoni, mwaulemu ndithu, kuti nkhaniyi ndi yosavuta: kompyuta yakaleyo iyatsidwe, ibweze yokha laisensi. Ndinamufotokozera kuti inatisiya. Anandipepesa, kenako anati ndiiyatse kaye. Bwana, kwathu ku Ntcheu munthu akamwalira ndi makiyi a nyumba m'thumba, timapisamo tisanamuike. Sitikhala pamanda kudikira kuti adzuke atipatse.

Chachitatu, zikomo potichangamutsa thupi. Tazimitsa ndi kuyatsa seva kakhumi ndi kanayi monga munatilamula. Nambala ya laisensi, ya zilembo makumi awiri ndi zisanu, Wilkins wailemba mpaka kuiloweza, moti dzana amaiimba m'minibasi, kondakitala n'kumufunsa kuti amapemphera mpingo wanji. Lachiwiri laisensi imodzi inamasuka, amayi m'kalasi analulutira. Tisanakhale n'komwe pansi, inakadziphatika pa kompyuta yoyeserera imene Wilkins anali ataifufuta kale. Mzukwa unangopatsira mzukwa unzake.

Chachinayi sindingathe kuchithokoza, ngakhale ndayesetsa. Pali wophunzira wanga Martha, mayi wa ana atatu, amene amachokera ku Mgona m'mawa uliwonse atakazinga kale mandasi. Lachisanu lino ali ndi mayeso otayipa, ndipo kachipatala kena kamulonjeza ntchito ya ukalaliki akangopita ndi satifiketi. Kwa masabata atatu wakhala akuphunzirira pa katoni ya sopo imene anajambulapo mabatani ndi cholembera, kuti azichita nayonso kunyumba. Zala zake zimathamanga kuposa zanga, koma chimene walemba palibe wachionapo, ngakhale iye mwini. Akandipatsa moni ndimayang'ana pansi, manyazi atandigwira.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Ngati malamulo anu salola kulanda katundu wa malemu, sindingakulakwitseni mwambo. Ingobwerani nokha Lachisanu 8 koloko. Mukatsike pa chigayo, mudzationa. Mpando takusungirani pamene pamakhala sikirini. Martha azidzadina pa katoni yake, inu muzidzayang'ana zala zake n'kumalemba papepala chilembo chilichonse chimene wadina. Amakwanitsa mawu makumi anayi pa mphindi, ndiye mudzabwere mutadya. Cholembera tidzakubwerekani ife, ndipo mukadzatopa musadandaule: tidzakuzimitsani n'kukuyatsaninso.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kutuwa,

Esau Kamtedza,
Woyang'anira manda a makompyuta khumi ndi imodzi,
Area 23, Lilongwe.