Beni wa pakoleji ndi kabudula wanga wa khaki

Anzanga, mukandiona ndikuyenda chowerama pamsika musamandifunse. Ndikuuzani lero kamodzi, kenako tiiwale.

Ine ndimalonda pageti ya kakoleji kaja ka mumsewu wa ku Nkope. Sukulu sindinapondeko, koma ophunzira ndimawadziwa kuposa aphunzitsi awo. Pakolejipo palibe malo ogona, ndiye ana amabwera m'mawa, wina pa minibasi kuchokera ku Boma, wina pa kabaza kuchokera ku Makokola, belu likangolira onse balala ngati usipa waona ncheni, wina ndi mnzake osadziwana ngakhale dzina.

Mdzukulu wanga Asiyatu amaphunzira pomwepo. Tsiku lina anandipeza pageti maso ali ofiira. "Agogo, ine sukulu ndisiya. Chaka chikutha ndikudya ndekha pansi pa mtengo ngati mfiti." Mtima unandiwawa. Mwana woyamba pamtundu wathu kufika pakoleji, asiye chifukwa chosowa womupatsa moni?

Ndinalowa mu ofesi ya a Pulinsipo, bambo wofatsa wa ku Dedza. "Bwana, ana awa akusowa beni. Ng'oma ikalira palibe amakumbuka minibasi."

"Madala, pamsinkhu wanuwu mungathe?"

Kundifunsa ine! Ine amene ndinavina beni ku Malindi fumbi lake kukagwa ku Mozambiki, azimayi kumeneko n'kuthamangira kukanula ufa! Ine amene ndikaponda pansi mvuu zinkatuluka m'madzi kudzaonerera!

Tinapangana Lachinayi ana akaweruka. Ndinasankha ophunzira awiri oimba ng'oma, ana a asilikali, n'kuwapatsa lamulo la beni mmene tinkachitira ife: wezulo akalira pafupipafupi, kolezani moto, ng'oma zithamange; osaleka ngakhale kugwe matalala, mpaka mtsogoleri atakweza dzanja. Anavomera mwaulemu. Ha, ulemu umenewo!

Yunifomu ndinaitulutsa m'sutikesi. Kabudula uja anachepa yekha m'menemo, musaganize kuti ine ndanenepa. Batani linakana, ndiye ndinamanga ndi chingwe cha ukonde wakale. Poti mano akutsogolo anandithawa kale, wezulo ndinamumangirira m'kamwa ndi mphira wozungulira kunkhongo kuti asagwe. Mayi akunyumba anangondiyang'ana n'kuti, "Mukafere komweko."

Walahi, poyamba zinkayenda. Ana sanathawe, anazungulira bwalo mafoni ali m'mwamba. Ndinaguba, ndinatembenuka, ndinachita sawasha kwa a Pulinsipo, mamendulo anga a zitsekerero za mabotolo akuti ngwerengwere. Ndikanalekera pomwepo bwenzi lero ndili munthu. Koma ndinaona Asiyatu akumwetulira, ndinati ayi, mwanayu aone kudumpha kwa agogo ake.

Ndinadumpha. Ndikutera, chingwe chinati thu, msana unati gwa! Manja onse awiri anathamangira kabudula. Kuti ndiwongoke, kosatheka. Ululu unandichititsa wefuwefu, ndipo mpweya uliwonse unkadutsira kuti? Mu wezulo! Pyo-pyo-pyo-pyo! Ana a asilikali aja, omvera lamulo, anakoleza moto. Ndikuti ndikuwe kuti lekani, wezulo ndi amene akuyankhula. Ndikuti ndilavule, mphira wagwira. Ndikuti ndikweze dzanja, nanga kabudula agwire ndani?

Ndinkangozungulira chowerama, misozi chuchuchu, miyendo ikunjenjemera yokha. Wina anakuwa, "Eee, sitayilo ya madala iyo!" Basi bwalo lonse linalowa, atsikana ndi anyamata, a ku Boma ndi a ku Makokola, aliyense wawerama, wagwira m'chiuno, akunjenjemera. Ngakhale a Pulinsipo, munthu wa tayi! Minibasi inaliza hutala pageti mpaka kutopa, inapita yopanda munthu.

Nditaona mdima m'maso ndinasankha moyo. Ndinakweza dzanja.

Ng'oma zinati zii. Kabudula anati khwee mpaka m'mapazi. Zomwe ana a eni anaona, Mulungu awachiritse maso. Asiyatu ndi amene anathamanga kudzandikulunga chitenje chake, ndipo anyamata anandinyamula pa wilibala ya koleji mpaka kunyumba, sukulu yonse ikuperekeza ngati maliro, koma maliro oseka.

Lero Asiyatu za kusiya sukulu sazitchulanso. Anzake ndi ochuluka moti akamadutsa pageti moni wake ndimalandira wa dzanja lokha. Lachinayi lililonse palibe wothamangira minibasi, onse amatsala kuvina gule wawo watsopano amene akumutcha "Gwirani Kabudula", ndipo wotsogolera ndi mdzukulu wanga yemweyo, ndi wezulo wanga yemweyo. Vidiyo inafika mpaka ku Joni, ana a mlongo wanga anaimba foni osayankhula kanthu, kumangoseka. Kumzikiti ndikamawerama ndimamva mzere wam'mbuyo ukutsokomola. Dzina la mfumu ya beni, lomwe ndinalisunga moyo wanga wonse, linagwa limodzi ndi kabudula.

Dzulo a Pulinsipo anabwera pageti akumwetulira. "Madala, mwaichiritsa sukulu. Tsiku lopereka masatifiketi mudzavinenso, makolo adzaone."

Ine? Ana amenewo akadzayambanso kusungulumwa ndidzawakumbira bawo pansi pa mtengo, azisewera atakhala. Kabudulayo ndawapatsa mayi akunyumba, akuphulira mapoto.