Tsiku Limene Ndinapereka Doko la Eni Ake

Inu, basi iyi sibwera msanga. Senderani kuno mvula ingakunyowetseni, ndikuuzeni chifukwa chake a Matilda, akazi anga, amatsamwa ndi tiyi ndikangotchula za unkhoswe.

Ine Maxon ndamanga maukwati khumi ndi anayi muno mu Glasgow. Kafunseni ku mpingo kwathu ku Dennistoun. Amalume enieni ali ku Malawi, ndege ndi yodula, ndiye mnyamata akaona mbeta amathamangira kwa ine. Maukwati awiri okha ndiwo anatha, ndipo onse awiri anatha ine ndili kuholide.

Tsono pali Temwani, mwana wa akulu awo a Matilda. Anabwera kudzaphunzira, nakhala kwathu ku Springburn zaka zinayi, kenako anapeza ntchito pa yunivesite ina mumzinda muno, pamalo ofufuza za malonda a pakati pa mayiko ndi chitetezo. Kumeneko amaitana akuluakulu a maboma kudzaphunzira kukambirana. Amawakhazika awiriawiri patebulo, aliyense n'kumupatsa dziko lopeka, n'kuwauza kuti kanganani. Anthu a madigiri, inu, kusewera masanje atamanga mataye!

Chaka chimenecho Temwani anapatsidwa kuyendetsa maphunzirowo koyamba, kontirakiti yake ikutha mwezi womwewo. Zikayenda bwino, ntchito ipitirira. Zikavuta, ntchito yatha, mapepala okhalira kuno atha, ndipo chinkhoswe chake, chimene ine ndinali nditachigulira kale taye, chidzachitikira pa foni.

Lachitatu anafika kwathu maso ali ofiira. Mmodzi mwa ophunzirawo anali atadya zosamuyanja, tebulo lina latsala ndi munthu mmodzi, pomwe abwana ake, Pulofesa Brown, mawa lake akhala akuzungulira ndi kabuku. Anali atapempha aliyense kuti akakhale m'malo mwa wodwalayo, ndipo anafika kwa ine chifukwa mawa lakelo linali tsiku langa lopuma kuntchito kwanga, kunyumba yosamalira okalamba.

"Ankolo, mukangokhalapo basi. Muwerenge pepala lili mu envelopumu, muzikanena zomwe zalembedwazo. Please, osawonjezera."

Ndinamuuza kuti adekhe mtima, wafika pa eni ake a ntchito. Envelopuyo sindinaitsegule. Munthu amene anagwirizanitsapo a ku Nsanje ndi a ku Chitipa patebulo limodzi angauzidwe chiyani ndi pepala?

M'mawa ndinavala suti ya ukwati wanga, imene inakana kutseka pamimba, ndinailola. Kenako ndinakumbukira kuti nkhoswe sapita kukakambirana chimanjamanja. Nkhani ikatha, mbali ziwiri zimang'amba nkhuku n'kudyera limodzi. Ndinalowa m'sitolo, ndinagula nkhuku yootcha, yotentha, n'kuiponya m'chikwama pamwamba pa envelopu ija.

M'basi munali galu wa gogo wina. Galu uja anandikonda, inu, kuposa mmene abale anga anandikonderapo. Anaika mutu pamwendo panga kuchokera ku Springburn mpaka m'tauni, dovu lili chuchuchu pa thalauza. Gogoyo anati galu wake amadziwa anthu abwino. Ndinavomera.

Nditakhala patebulo langa, ndinatulutsa envelopu. Mafuta! Pepala lonse linali lonyowa, inki itasungunuka ngati ya kalata yochapidwa m'thumba. Mizere ya pamwamba yokha ndiyo inkawerengeka: ine ndine Dziko Lobiriwira, ndili ndi doko panyanja yaikulu, ndimagulitsa nkhuku, ndipo Dziko Lofiira laletsa nkhuku zanga kulowa. Pansi panali mawu a zilembo zikuluzikulu, odulidwa mzere kawiri, koma anangotsala chithaphwi chakuda. Ndinati zosawerengeka n'zosafunika.

Dziko Lofiira linali mayi wina dzina lake Olivia, wochokera ku unduna wa zamalonda wa dziko lina la kuno ku Ulaya, wa magalasi ndi mapensulo atatu osongoka. Temwani analengeza kuti tili ndi ola limodzi ndi theka, naliza kabelu. Mayi uja nthawi yomweyo anayamba za msonkho.

Ndinamuimitsa. Kwathu nkhani siyamba choncho. Ndinaimirira, ndinamupatsa moni wa manja awiri, ndinafunsa mmene wadzukira, mmene awasiyira kunyumba, ngati makolo alipo. Anati mayi ake ali ndi vuto la bondo. Eee, bondo ndiye ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku! Tinakamba za bondo mphindi makumi atatu. Matebulo ena anali atayamba kale kulozana zala, ife tili pa chithunzi cha mphaka wake. Temwani anadutsa, nandinong'oneza kuti nthawi, ankolo, nthawi. Ndinamukodola ndi diso kuti zonse zili m'manja.

Kenako ndinati tsopano tiuzeni chimene chakubweretsani. Olivia anafotokoza kuti dziko lake lilibe nyanja. Katundu wake yense amadutsa padoko langa, ine ndimamuchedwetsa, mafuta a galimoto amasowa, anthu amagona pamizere. Nkhuku zangazo anaziletsa chifukwa cha ukali chabe.

Inu, mtima wanga unasweka. Ine wobadwira ku Ntcheu, amene ndinakankhapo minibasi kuchokera pa Tsangano chifukwa matanki a mafuta anali atakanirira kudoko la Beira, wina n'kumandiuza za dziko lopanda doko? Ndinaiwala kuti ndi masanje. Misozi inalengeza. Ndinaona kuti wolakwa pabanja ili ndine, ndipo nkhoswe wabwino akaona kuti mbali yake ndiyo yalakwa, sakakamira.

"Mayi, doko limenelo tengani."

Anavula magalasi. Anafunsa ngati ndikutanthauza kuchepetsa msonkho wa padoko. Ndinati ayi, doko lonse, ndi zombo zake. Anafunsa ngati angaikepo asilikali ake. Ndinati nanga alilondera ndani, ine ndili ndi ntchito ku Springburn? Iye anati basi nkhuku zanga zilowe. Ndinawonjezera mfundo imodzi, yoti mkangano ukadzabukanso pasadzakhale kutsekerana malire, mbali iliyonse idzatume nkhoswe wake. Analemba zonse, tinasaina.

Apo ndinatsegula chikwama. Fungo linadzaza holo yonse, matebulo asanu ndi awiri anasiya kukangana. Ndinang'amba nkhuku, ntchafu kwa Dziko Lofiira, ntchafu kwa ine, ndinawomba m'manja katatu. Powerama kuti ndimupatse ulemu, suti ija inalankhula kumbuyo, thalauza kung'ambika kuchokera m'chiuno mpaka pansi.

Pulofesa Brown anafika ndi kabuku kake. Anawerenga mgwirizano wathu, anayang'ana pepala langa la mafuta, anayang'ana Temwani. Mwana uja nkhope inali itagwa, ndipo kunena zoona mantha anandigwira. Pulofesa anandifunsa ngati ndikudziwa chimene chinalembedwa pa chithaphwi chija. Ndinati ayi. Anati panalembedwa kuti zivute zitani, doko osapereka.

Anafotokoza kuti seweroli analikonza yekha zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, mwadala, kuti pasapezeke ogwirizana. Cholinga n'choti ophunzira alawe kuwawa kwa zokambirana zolephereka. Palibe tebulo linasainapo. Ndiye anafunsa kuti bambo awa anawapeza ndani.

"Ndine," anatero Temwani, mawu ali pansi. "Ndi ankolo anga."

Pulofesa anakhala pampando wanga. Mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinkaganiza kuti akulira, koma ayi, mkulu uja anaseka mpaka kabuku kanagwa, kenako anapempha phiko la nkhuku ija. Masana onse ophunzira anakambirana za tebulo lathu: munthu wotumidwa amene sawerenga zomwe wamutuma, ubwino wofunsa za bondo, ndi mfundo ya ankhoswe ija, imene Pulofesa anati ndi yokhayo yanzeru papepala lonselo. Ine ndinamvera zonse nditatsamira khoma, pa chifukwa chimene mukuchidziwa.

Kontirakiti ya Temwani anaiwonjezera zaka zitatu. Mpaka lero pepala langa la mafuta lili m'galasi pakhoma la ofesi yawo, ndipo gulu lililonse latsopano limayamba ndi kuliona. Ndamva kuti pansi pake analembapo mawu, koma Temwani amakana kundimasulira bwinobwino.

Tsiku limenelo ndinafika kunyumba ngati ngwazi, jekete nditamanga m'chiuno. Ndinauza a Matilda kuti asite taye ija, chinkhoswe cha mwana wathu chayandikira. Iwo anali atamva kale zonse pa foni. Anandithira tiyi, anandiyamikira kwambiri, kenako anati akambirana ndi akulu awo kumudzi, ndipo nkhoswe wa Temwani akhala a Ganizani, amene amaimba besi m'kwaya. A Ganizani, inu, munthu woti sanamangepo ngakhale ukwati umodzi!

Ndinafunsa kuti ndalakwanji.

"Bambo a kuno, inu munapereka doko lonse ndi zombo zake chifukwa munthu anakuuzani za bondo la mayi ake. Apongozi akubwerawa agogo awo ali pa njinga ya olumala. Mungawapatse mwana, nyumba, ndi ine ndemwe."

Pa chinkhoswepo anandipatsa ntchito yonyamula nkhuku. Basi yathu ndi iyo, tiyeni.