Atate Sameza Okha

Lolemba
Botolo la mavitamini a maso lafika pa minibasi ya ku Lusaka, watumiza mlongo wanga. Ndi la Atate. Lamulungu likubwerali ndi tsiku lawo lowerenga mawu kutchalitchi, ntchito imene agwira chibadwire changa, koma masiku ano akuti zilembo zikuoneka ngati nyerere. Akalephera, akulu a mpingo apereka malowo kwa wina, ndipo ndikudziwa kuti ziwapweteka. Dongosolo langa ndi lapafupi: piritsi limodzi m'mawa uliwonse akatha kumwa phala.

Lachiwiri
Atangoti ameze, atulukira aZulu, mnzawo wa nsolo. Atate akutsegulanso botolo n'kuwapatsa limodzi. Ndikuwatsinzinira diso kuti asiye. Ndaiwala kuti sakundiona. Akuti, "Ndimeze ndekha mlendo ali pakhomo? Sitinaleredwe tero ife."

Lachitatu
Mbiri yamveka mudzi wonse. Alendo a lero: aZulu, akazi awo, aNaphiri osoka zovala amene ulusi ukuwakanika kulowetsa m'singano, ndi agogo ena a ku Mkaika amene sindikuwadziwa n'komwe. Aliyense piritsi lake, madzi m'kapu ya alendo. A ku Mkaika apemphanso lina loti akapatse akunyumba. Apatsidwa!

Lachinayi
Botolo ndalibisa m'thumba la mtedza. Piritsi ndikuwapititsira Atate kuchipinda mwakachetechete, chitseko chotseka. Akukana. "Wodya mobisa ndi mfiti. Kupatsa n'kuika, mwana wanga." Ndikuwayankha kuti diso saika kwa mnansi, koma akungoseka. Ndakwiya mpaka masana. Kenako ndalibweza pawindo ndi manja anga omwe.

Lachisanu
AZulu akulumbira kuti maso awo atseguka, akuona ngati mnyamata. Akundiuza zimenezi atayang'ana mtengo wa papaya. Botolo lapepuka. Atate akhala pakhonde, Baibulo lili pamphuno penipeni, milomo ikuyenda koma chala chili malo amodzi. Mtima wanga ukuwawa.

Loweruka
Atate ndawatengera kuchipatala ku Katete. Anamwino awaunika m'maso ndi katochi n'kunena kuti ndi ng'ala. Mavitamini si oipa, akutero, koma ng'ala sachotsa. Pafunika opaleshoni ku Chipata, ndipo sichitika sabata ino. Atate aika chipewa pabondo. Ndikuganiza kuti alira. Koma akufunsa, "Nanga aZulu, simungawalembeko nawonso?"

Lamulungu
Botolo latha. Ndagonja. Kutchalitchi Atate avala jekete yawo, ayima kutsogolo, atsegula buku. Zii. Anthu akutsokomola. Kenako akutchula dzina langa, kuti ndibwere. "Lero maso anga ndi awa," akuuza mpingo.

Iwo agwira buku, ine ndikuwerenga. Ndalumpha mzere umodzi. Andibweza pomwepo, mokweza, osayang'ana n'komwe m'bukumo. Mpingo wonse waseka, inenso ndaseka misozi ili m'masaya.

Potuluka, mkulu wa mpingo akunena kuti malowo akadali a Atate, bola azibwera ndi maso awo. Panjira Atate andigwira dzanja, ndipo akundiuza kuti ndimawerenga mothamanga kwambiri, tiyamba kuphunzira mawa.