Mtambo Umene Unkamwa Pachitsime Changa

Amene akuti ndine wabodza aimirire timuone nkhope, ndipo ngati ndi inu a Nabanda, mlamu wanga, yambani mwabweza thadzi langa munabwereka pachinkhoswe cha mwana wanu lija, kenako muzitsutsa. Ine Nangozo wa kuno kumtunda kwa Nsaru ndinagwira mtambo ndi manja awiriwa. Mukumva?

Chinali chaka chija mvula inadula chimanga chili m'mawondo, masamba atapota ngati a anyezi, ine mbewu yobzalanso ndilibe. Ndiye kunabwera anthu a kafukufuku wa zanyengo, akuyenda khomo ndi khomo. Kwanga kunafika mtsikana wonyamula foni yaikulu ngati chivundikiro cha poto, n'kumandifunsa kuti kale mvula inkayamba liti, mphepo inkachokera kuti, chitsime cha kudimba chimaphwa mwezi wanji, ine n'kumayankha, n'kumayankha, mpaka foniyo inadzaza, mayankho ena n'kumatayikira pansi, nkhuku n'kumatola.

Pomaliza ndinati, "Mwanawe, nanenso ndifunseko. Madzi a m'chitsime changa akumapita kuti?"

"Dzuwa limawakweza kumwamba, agogo, n'kusanduka mitambo. Mphepo ikaikankha, imakagwetsa mvula kwina."

"Kwina? Madzi anga?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti mtambo umene unkadutsa pamwamba pa munda wanga masana aliwonse, wonenepa ngati ng'ombe ya mkaka, n'kukakhuthula ku Nambuma, unkanenepera madzi anga. Ine munthu sandidyera changa.

Wangongole umamulawirira asanasukusule. Mbandakucha ndinatsikira kudambo, n'kuupeza utagwada pachitsime, ukumwa, uli mbuu, chija inu mumati nkhungu. Ndinaukola pakhosi ndi chingwe cha mbuzi, mtambowo kudzidzimuka n'kuuluka nane, ine osasiya, tinadutsa pamsika wa Nsaru maminibasi akuoneka ngati nsabwe, patapata wanga mmodzi n'kuvuka, n'kukagwera ku Namitete kumene anaboola denga la chigayo, mpango wanga n'kukodwa panyanga ya mwezi, ndipo ulipobe, mukayang'anitsitsa muuona. Mukumva?

Ndinaukwera pamsana n'kuuuza kuti ubweze. Unayamba zija za angongole onse, eti mawa, eti mphepo sikulola. Ine ndinapisa dzanja m'mimba mwake n'kusolola bingu lake, lotentha, likuphupha ngati tambala wodulidwa mutu, n'kulikulunga m'chitenje. Chikole! Ndinatsika chotsetsereka pautawaleza, n'kukalitsekera m'nkhokwe, poti munalibe kanthu, ndipo linagunda m'menemo mpaka makoswe onse a m'mudzi muno anasamukira ku Kabudula.

Mtambo wopanda bingu uli ngati mkamwini wopanda khasu, anzake amangouseka. Unapirira pang'ono, kenako uwo, ukubwera chokwawa, utaitana akwawo onse kudzaupepesera, kumwamba kuli bii. Ndinaima pamzere, manja m'chiuno, n'kuulozera malire a munda wanga. Inagwa mvula, anthu inu! Chimanga chinkakula ndikuchiona, n'kundipitirira msinkhu ndisanatuluke m'munda, ngaiyaye n'kumasula ndisanafike pakhomo, ndipo pokolola chimanga chimodzi chinkafuna anthu awiri, wina kumutu wina kumchira. Chitsime chitadzaza ndinatsegula nkhokwe n'kubweza bingu lija. Ine sindisunga cha mwini.

A kafukufuku aja atabweranso, mtsikana uja anati mvulayo inagwa dera lonse mpaka ku Mpingu, ndiponso a wailesi anali ataneneratu. Ndinati lemba momwemo, mwanawe, zoti inagwa ponseponse n'zoona. Akwawo a mtambo aja akanabwerera nawo bwanji madzi, atawasenza ulendo wonsewo? Anangowamwaza m'minda ya eni. Ndiye aliyense amene anakolola chaka chimenecho, kuyambira ku Chiwamba mpaka ku Namitete, anadyera mikono yangayi, ndipo lichero limodzi la chimanga pakhomo lililonse ndikulidikirabe. Musayese ndaiwala. Makomo anu ndinawaona onse ndili kumwamba.