Muli Anthu M'katimo

Mpaka lero ndikamadutsa pa Thuchila ndimayang'ana pansi ngati munthu wotaya singano. Pali banja lina kumeneko limene sindifuna kuphana nalo maso, ndipo chinayambitsa zonsezi ndi kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi.

Ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Imandikhala chifukwa siyolira kulankhula: umangoima pambali n'kumaonerera. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndiye ndinakulira kwa anganga, amayi a mayi anga, kufupi ndi Milonde, ndipo mpaka pano tikukhala awiri. Iwo ndi a chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo amalankhula zokwanira anthu awiri. Ine ndinazolowera kungogwedeza mutu.

Kale mavidiyo ndinkasunga m'hadi diraivu ina yakale yolira ngati chigayo chakutali. Kukopera ukwati umodzi kunali ngati kuphika nyemba za kalongonda, kuyamba m'mawa kudya madzulo. Tsiku lina inagwa panjinga, basi osadzukanso. Ndinapita ku Limbe kukafuna ina, ndipo wogulitsa ananditulutsira kanthu kakuda, kopepuka.

"Akulu, iyi ndi SSD," anatero. "Mulibe chozungulira m'katimu. Liwiro lake ndi mphezi. Mukaigwetsa siimva, mvula siiopa. Iyi siifa."

Mtengo wake unandiwawa (mbuzi yonenepa ndithu inapita pamenepo), choncho nditafika kunyumba ndinati ndikayese ndekha. Za wogulitsa sindimangokhulupirira.

Ndinayamba ndi liwiro. Ndinakhala pakhonde ndi laputopu, n'kuyamba kukopera vidiyo yaikulu. Madzi a tiyi asanawire inali itatha. Chimwemwe chinandigwira, ndinakanyamula kanthuko n'kukauza mokweza kuti, "Iwe ndiye wanga!"

Kenako kulimba. Ndinakagwetsa kuchokera patebulo, kenako pawindo, pasimenti penipeni. Ndikakatola ndinkakaika patsaya kuti ndimve ngati katentha kwambiri. Chiperoni chitabwera ndinakasiya pathandala kuti kanyowe, ndipo pomaliza ndinakaviika m'beseni la madzi, nditagwada pansi, ndikuyang'anitsitsa. Nditakapukuta kanagwira ntchito ngati palibe chachitika.

Poti kanalibe chikwama, ndinakakulunga m'kansalu kofiira, n'kumanga ndi chingwe. Popita kuntchito ndinkakavala m'khosi, m'kati mwa malaya, kuopa akuba. Pogona ndinkakaika pansi pa pilo. (Inu mwaona kale kumene nkhaniyi ikulowera. Ine, munthu wodzitama kuti ndimaona zonse, sindinaone kuti anganga akundionerera pawindo la kukhitchini.)

Tsiku lina anandiimitsa pakhomo.

"Iwe, kanthu ukusisitako n'kachiyani?"

"N'kantchito, anganga."

"Wakupatsa ndani?"

"Munthu wina ku Limbe."

Anakagwira ndi nsonga ya chala n'kubweza dzanja msanga. "Nanga kakutentheranji?"

"Kakamagwira ntchito kamatero. Musamakagwire, muli anthu ambiri m'katimo."

"Anthu?"

"Eya. Onse a kumaukwati ndimawasunga momwemo. Komanso sikafa."

Anganga anakhala chete, chinthu chimene sichichitikachitika. Ine ndinati amvetsa.

Loweruka lotsatira ndinajambula ukwati waukulu ku Thuchila. Mkwati amagwira ntchito ku Joni, ndipo anali atabwera kudzangokwatira n'kubwerera ndi mkazi wake. Mayi a mkwatibwi anandigwira mkono n'kunena kuti, "Achimwene, mwana wanga akupita kutali. Vidiyo imeneyi ndi imene ndizimuonerapo." Ndinajambula ndi mtima wonse: malumbiro, kulira kwa mayiwo, ngakhale amalume ena amene anaterereka akuvina.

Kunyumba ndinasamutsira zonse m'kanthu kaja. Laputopu inali yodzaza, ndiye sindinasungemo china. Khadi ya m'kamera ndinaifufuta, poti mawa lake masana ndinali ndi chinkhoswe ku Likhubula. Ndisungirenji pawiri, kanthu kosafa ndili nako? M'mawa chingwe cha m'khosi chija chinaduka, ndipo ndinangokasiya pansi pa pilo.

Pobwerako ndinamva nyimbo ndili kumsewu. Pabwalo pathu panali amayi a chigwirizano, mayunifolomu ali mbuu, thukuta lili kamukamu. Ndinayesa maliro. Koma anganga anathamanga kudzandikumbatira.

"Tapambana, mwana wanga! Chithumwa chako chija tathana nacho!"

"Chithumwa chiti?"

"Usachite manyazi, umphawi ndi umene unakupusitsa. Koma sunaname, n'cholimba! Tinachimenya ndi mwala, osatheka. Mpaka tinachisinja mumtondo, anthu atatu kulandizana munsi."

"Ndiye chili kuti?"

"M'chimbudzi. Anthu aja amasuka, aliyense apite kwawo."

Tsiku limenelo ndinalankhula mawu ambiri kuposa chaka chonse. Koma ndikamafotokoza, zinthu zimaipiraipira. Ndinakuwa kuti, "Mkwati ndi mkwatibwi a dzulo ali momwemo!" Mayi wina anagwira pakamwa. "Mwamva? Ndi a dzulo omwe anali atawalowetsa kale!" Nyimbo inayambiranso, ulendo uno atandizungulira, manja ali pamutu panga.

Atabalalika ndinatenga tochi, nsungwi yaitali ndi maginito a sipika yakale, n'kulowera kuchimbudzi. Zimene ndinaona ndi kununkhiza sindilemba pano. Ndinavuula misomali ndi supuni imodzi. Ngakhale ndikanakapeza, kanthu kosinjidwa ndi amayi atatu okwiyira Satana sikangalankhulenso.

Ku Thuchila ndinapita ndekha. Mayi a mkwatibwi aja anandiyalira mkeka, nkhope ili mwee.

"Mwabwera nayo?"

"Mayi, pepani. Vidiyo ija yawonongeka."

"Yawonongeka bwanji? Ili kuti?"

Ndikanatha kunama kuti akuba. Koma pakamwa panga, pamene pamakhala chete nthawi yofunika kulankhula, apa panasankha chilungamo. "Ili m'chimbudzi, mayi."

"Mwana wanga, ndi velo yake yoyera ija, m'chimbudzi?"

Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangolowa m'nyumba. Mwana wawo ananyamuka patapita masiku ochepa, ndipo chimene mayiwo anatsala nacho ndi tizidutswa tonjenjemera ta m'mafoni a anthu, tambiri take tooneka mitu ya kumbuyo. Ichi ndiye chimandiwawa mpaka lero, chifukwa ukwati sabwereza.

Patapita sabata ndinakhazika anganga pampando, n'kuwaonetsa palaputopu chinkhoswe cha ku Likhubula. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, zimene ndikanachita tsiku loyamba lija. Anaonerera mpaka kumapeto, akuseka mavinidwe a anthu.

"Ndiye anthu aja anali zithunzi chabe?"

"Eya, anganga."

"Aa." Anakanda m'mutu, pansi pa duku. "Koma umboni ndinapereka kale kutchalitchi, sindingakaubweze. Lamulungu likubwerali akufuna ukanene wekha mmene unapulumukira."

Ndinapita. Ndinaimirira kutsogolo, mpingo wonse unandiombera m'manja, amayi akululutira. Abusa anandipatsa chimkuzamawu kuti ndinene zonse, osabisa kanthu. Ndinayang'ana anganga, atakhala pabenchi yoyamba, maso ali ndi misozi yachimwemwe.

Ndinati, "Ameni," n'kukhala pansi.