Kachewere m'thumba la ovololo yobwereka

Mpaka lero ndikaona ovololo ya olenji itayanikidwa pa chingwe, thukuta limayamba kundituluka. Akazi anga amadziwa chifukwa chake, ndipo tikasemphana mawu pang'ono amangofunsa kuti, "Kodi ndikakubwerekereni ovololo?" Mkangano umathera pomwepo.

Ndiyambe ndi kuulula matenda anga. Titamaliza maphunziro pa koleji ya zaulimi, a kalasi yathu tinabalalika. Patapita zaka, malasha a ku Moatize anatchuka, Tete yense n'kusokonekera. Magalimoto oyera a timbendera pamwamba ankadzaza pa mlatho wa Zambezi. Anzanga aja, omwe tinkaphunzira limodzi kuyeza nthaka ndi kumwetsa mbuzi mankhwala, anayamba kuonekera pa intaneti atavala zisoti zolimba, ataima pafupi ndi matayala aatali kuposa nyumba yanga ya ku Chimadzi.

Ine ndinkagulitsa kachewere. Ndinkakamutenga kwa alimi akwathu ku Tsangano n'kudzamugulitsa pa msika m'tauni muno. (Amene anasungapo mbatatesi m'kutentha kwa Tete akudziwa kuti pakatha sabata imayamba kulira misozi yonunkha.) Ndikakhala pa thumba kudikira ogula, ndinkatsegula foni n'kumatsatira miyoyo ya anzanga ngati wokonda mpira. Ndinkadziwa yemwe wakwezedwa pa ntchito, yemwe wagula galimoto, yemwe wapita kukaphunzira kunja. Chithunzi changa sindinaikepo n'chimodzi chomwe. Nsanje inkandidya, koma manyazi ankandidya kuposa nsanjeyo.

Tsiku lina Zeka, yemwe anali mtsogoleri wa kalasi yathu, anandiimbira foni.

"Shamwali, uli moyo? Loweruka masana kalasi yonse tikukumana pa baraka ina, kamalo kodyera ndi kumwera, ku Matema, m'mbali mwa mtsinje. Usasowe, pa!"

Akazi anga atamva anatsala pang'ono kuvina. Tinali titamva kale kuti Filomena, mnzathu wina wa m'kalasimo, ndiye amagula zakudya za kukhitchini yodyetsa antchito a pa mgodi wina. Kumeneko ndinali nditapitako kawiri ndi thumba langa, alonda n'kundibwezera pa geti.

"Bambo a Tina, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero akazi angawo. "Kachewere akutiwolera m'manja mwezi ndi mwezi. Mukamuuze Filomenayo."

"Ndikaime pakati pa mainjiniya n'kumati ndimagulitsa mbatata? Mukufuna andiseke?"

Lachisanu ndinapita ku Canongola kwa alamu anga a Bonifasiyo, omwe ankagwira ntchito ku mgodi. Ndinawapempha ovololo, nsapato za chitsulo kutsogolo ndi chisoti.

"Alamu, izi sitivala poyenda m'tauni," anandichenjeza. "Komanso uno ndi Okutobala."

Ndinaumirira mpaka anandipatsa. Alamu angawo ndi chimunthu chachitali, choncho miyendo ya ovololo ndinaipinda kawiri, ndipo m'nsapato ndinafwatikamo manyuzipepala. Ovololoyo ndinaisita ndekha mpaka mizere inaima. Akazi anga ponditsanzika anangondikonza kolala, n'kundisisita pa thumba la m'mbali. Ndinayesa ndi chikondi.

Nditatsika pa chopela, kanjinga ka mawilo atatu kaja, ndinapeza anzanga atakhala pansi pa mtengo. Onse anali mu makabudula ndi mapatapata. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anavala cha ku ntchito. Onse anatembenuka kundiyang'ana.

"Epa! Enjenyero!" anakuwa Zeka.

"Pepani makolega, ndangochokera ku ntchito, sindinapeze mpata wosintha," ndinatero. (Munthu wochokera ku malasha, ovololo yopanda ndi kadontho komwe, ikununkhira sopo!)

Tinapatsana moni, tinakumbatirana, tinaseka za kale. Nsomba za pende zowotcha zinabwera. Ine m'kati mwa ovololo ndinali ndikuphikika. Thukuta linkatsikira m'nsapato, manyuzipepala aja n'kumasanduka phala. Chisoti sindinavule, poopa kuchepetsa ulemerero.

Kenaka Filomena anasuntha mpando n'kudzakhala pafupi nane.

"Iwe, ndinamva kuti umachita geni ya kachewere wa ku Tsangano. Unasiya?"

Khomo lomwe alonda anandikaniza kawiri linali litatseguka lokha. Koma maso a kalasi yonse anali pa ine, ndipo pakamwa panga panayankha ndisanaganize.

"Aa, kalekale! Ntchito ya fumbi imene ija ndi ya ine?"

"Zachisoni," anatero Filomena. "Mbatatesi yathu imachokera kunja pa malole, imafika itatopa. Shefi wanga wandiuza kuti ndipeze munthu wa konkuno pofika Lolemba. Ndinabwerera iweyo. Basi, ndifunsa ena."

Mtima wanga unagwera m'nsapato muja munali manyuzipepala. Ndinaona nkhope ya akazi anga, ndinaona matumba akuwola, ndinaona alimi akwathu amene amandidikira pa msewu. Koma ndikanabweza bwanji mawu nditavala chisoti?

Ndili mkati molimbana ndi mtima, Armando, mnzathu wokonda kulankhula akudya, anayamba kutsokomola. Munga wa pende unali utamuima pakhosi. Maso anatuzuka, misozi ili chuchuchu. Mayi wa barakayo anathamanga, n'kundiloza ine.

"Mwayi wake! Pali a chithandizo choyamba pompano! Thandizani, bambo!"

Pa mkono wa ovololo ija panali kamtanda kobiriwira. Ine ndinkayesa n'kokongoletsa chabe. Sindinkadziwa kuti ku mgodi amasokera kamtandako anthu ophunzitsidwa kuthandiza ovulala, ndipo alamu anga anali mmodzi wa iwo. Anthu a pa matebulo ena anaimirira kuti aone katswiri akugwira ntchito.

Ndinadzuka. Chithandizo chokha chomwe ndinkadziwa chinali cha ku koleji kuja. Ndinamupana Armando mutu m'khwapa, ndinamugwira chibwano, n'kumukanula kukamwa ngati mbuzi yofuna kumwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba. Ndinawerama kuti ndisuzumire. Chisoti chinagwera m'mbale ya tsabola. Mtengo uja unayamba kuzungulira, mtsinje unapendekeka, kenaka mdima.

Nditatsegula maso ndinali chagada pa mchenga, nditanyowa ndi madzi oundana a m'bokosi la zakumwa. Amene ankandikupiza ndi chisoti anali Armando yemweyo. (Mayi wa baraka anali atamumezetsa nthochi, munga n'kutsika.) Nsapato anali atandivula, phala la manyuzipepala lili poyera. Ndipo pambali panga panali mbatatesi zitatu zokongola, zomwe zinagubuduka kuchokera m'thumba lija akazi anga analisisita.

"Bonifasiyo, wadzuka?" anafunsa Zeka, akuloza pachifuwa panga. Dzina la alamu anga linali losokedwa pamenepo ndi ulusi wakuda. Onse anali ataliwerenga ndikungofika.

Anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine ndinkafuna mchenga unditsegukire. Filomena yekha sanaseke kwambiri. Anatola mbatatesi imodzi, n'kuikanda ndi chikhadabo, n'kuiyang'anitsitsa.

"Ndikufunsenso bwinobwino. Kachewere unasiya?"

"Sindinasiye," ndinayankha. "Ndi amene amadyetsa ana anga. Ndimachita manyazi basi."

"Manyazi a chiyani? M'kalasi yonse ija, amene akugwira ntchito yomwe tinaphunzira ndiwe wekha. Lolemba ubwere ndi matumba awiri tiyese."

Zeka anandithandiza kukhala tsonga, n'kundinong'oneza kuti, "Shamwali, chikomekome cha mkuyu. Tayala la pa chithunzi changa lija ndinangoima nalo pafupi. Ine ndimalemba manambala a malole pa geti, m'fumbi, tsiku lonse. Geni yako ikakula undikumbuke."

Ndinabwerera kunyumba wopanda nsapato, nditazikolowekera pakhosi. Akazi anga anangoyang'ana thumba la m'mbali lopanda kanthu n'kufunsa kuti, "Afuna matumba angati?"

Lolemba ndinafika pa geti nditavala malaya anga enieni. Mlonda yemwe anandibweza kawiri uja anawerenga dzina langa pa pepala, n'kundipatsa chisoti cha alendo. Kuyambira pamenepo kachewere wa ku Tsangano analowa m'khitchini imene ija, ndipo sanawolenso m'manja mwathu.

Mwina mukuganiza kuti ndinachira. Tsiku lomwelo, ndisanabweze chisoti, ndinaima pafupi ndi tayala lalikulu n'kupempha dalaivala wina kuti andijambule, koma aonetsetse kuti matumba asaoneke. Chinali chithunzi changa choyamba pa intaneti. Pasanathe ola, Filomena analemba pansi pake kuti, "Enjenyero, sunthani pang'ono tione kachewere."