Maenje Makumi Atatu ndi Awiri a Baba

Lolemba, 13 Okutobala

Tchuthi chayamba. Sabata yathunthu yosatayipa makalata a anthu ofuna ntchito ku esiteti. Ndafika kwathu kwa Mbenje ndi chikwama, laputopu ndi pulani.

Baba ndawapeza pomwe ndinawasiya mwezi watha: pansi pa mtondo, miyendo yotupa ili pachitsa, maso kudambo. Thabwa lawo la bawo lili kuseri kwa chitseko, lasanduka poika sopo. Mlamu wanga Joana akuti chichokereni a Zuze, mawu a Baba patsiku sakwana khumi, ndipo theka lake ndi "takhuta", zikomo wa kwathu kuno.

A Zuze ndi mnzawo wa bwato limodzi kuyambira ine ndisanabadwe. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, bawo mpaka dzuwa kupendeka. Madzi atawagwetsera nyumba, mwana wawo wamkazi anawatengera kwa Katunga, ku Chikwawa. Ulendo wa minibasi onse awiri sangaukwanitsenso.

Pulani: ndipanga gemu ya bawo ya pafoni. Baba kuno, a Zuze uko, asewere Lamulungu likudzali. HTML ndinaphunzira pa kosi ya miyezi itatu, setifiketi ili pakhoma.

Ndawauza. Andiyang'ana nthawi yaitali. "Lamulungu lake lomweli?" Ndati eya. Basi, ndalonjeza.

Choyamba ndi kusankha chida chopangira nkhope ya gemu: thabwa, maenje, mabatani. Nkhopeyo imalembedwa ndi matagi, monga tsamba la pa intaneti. Utsegula bokosi, uikamo zinthu, utseka. Zida zilipo zitatu:

1. Chojambulira cha pa intaneti. Chokongola.
2. Chokoka n'kuika. Ukoka batani, uliika pomwe ukufuna, matagi chilemba chokha.
3. Kulemba matagi pamanja, mzere ndi mzere, ngati kusoka ukonde.

Kusankha: mawa m'mawa, ola limodzi. Masiku otsalawo ndi a ntchito yeniyeni.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Chida choyamba chimafuna netiweki. Netiweki imakhala pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo pachulupo palibe mthunzi. Ndakhalapo kuyambira mamawa, chitenje kumutu, laputopu pamiyendo ikundiotcha. Amayi opita kumjigo akundipatsa moni motsitsa mawu, ngati munthu wodwala.

Koma thabwa latuluka! Mtundu wa mbawa, mizere inayi, maenje asanu ndi atatu pamzere, dzenje lililonse ndi kamthunzi kake m'kati. Kamthunziko kokha kandidyera maola awiri.

Kenako ndafufuza potengera matagi. Palibe. Chidachi chimapereka chithunzi basi, matagi ukalembe wekha, kapena uikenso chida china chomasulira chithunzicho. Ndafunsa pagulu la opanga magemu. Mayankho:

"Chida chimenecho n'cha ojambula, osati opanga."
"Chida chimenecho ndicho chokhacho, ena onse akunama."
"Bawo n'chiyani?"

Ndatsika nacho chithunzi kukawaonetsa Baba. Achibweza kutali ndi maso, achiyandikitsa.

"Nyumba ili kuti?"

Ndaiwala. Pamzere wakutsogolo wa wosewera aliyense pamakhala dzenje limodzi la ngodya zinayi, nyumba, lomwe munthu amaliteteza. Anga onse ndi ozungulira.

"Thabwa lopanda nyumba n'la ana," atero, n'kubwerera kudambo kwawo ndi maso.

Mawu asanu ndi atatu owonjezera lero. Joana wawerenga nane.

Chida choyamba: ayi. Ola limodzi lija latha kalekale.

Lachitatu, 15 Okutobala

Chida chachiwiri sichifuna netiweki, bola uchikopere kaye mu laputopu. Kukoperako: m'mawa wonse pachulu. Pofika kumapeto mbuzi ya abusa yabwera kudzagona pamthunzi wanga.

Chikangotseguka, laputopu ikulira ngati chigayo cha dizilo. Ndaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo idutse pansi. Joana, akudikira nsomba zake za makakana ziume pathandala, wayamba kuikupiza ndi lichero. Akuti: "Mlamu, chinthuchi chili ndi malungo, musachikakamize."

Kukoka n'kuika n'kokoma. Dzenje, dzenje, dzenje. Nyumba ziwiri za ngodya zinayi. Ndasuzumira matagi amene chalemba chokha: dzenje limodzi, mabokosi asanu ndi limodzi, lina m'kati mwa linzake, onse mayina osatchulika. Ngati munthu amene wamutuma mchere n'kubwera ndi msika wonse. Ndatseka, sindinaone.

Pa laputopu thabwa lili bwinobwino. Ndalitumiza pafoni ya Baba, ija ndinawagulira chaka chatha, yomwe amangoonerapo nthawi. Sikirini yake ndi yopapatiza. Mzere uliwonse wathyoka: maenje asanu ndi awiri pamwamba, lachisanu ndi chitatu lagwera pansi lokhalokha.

Baba aloza logwalo. "Uyu wagwa m'bwato."

Ndipo aseka. Kuseka kwenikweni, kotha ndi chifuwa. Joana waima ndi lichero m'mwamba.

Ndayesa kuchepetsa maenje kuti akwane. Akwana, koma tsopano ndi ang'ono ngati maso a nsomba, ndipo chala cha Baba chikuphimba atatu nthawi imodzi. Ndaigoneka foni chammbali. Mabatani athawira kunja kwa sikirini.

Chida chachiwiri: ayi. Kwatsala masiku anayi. Palibe vuto.

Lachinayi, 16 Okutobala

Chida chachitatu: manja anga. Sichilira, sichifuna chulu. Ndakhala pamkeka pafupi ndi mpando wa Baba.

Lamulo ndi limodzi: chimene watsegula, tseka. Ndaiwala kutseka dzenje loyamba. Maenje ena onse alowa m'kati mwake, thabwa lonse lasanduka chitsime chimodzi. Ndasaka cholakwikacho mpaka masana. Ndawafotokozera Baba. Akuti amayi anga ankawauza zomwezo za khola la abakha.

Masana: dzenje lililonse liyenera kukhala ndi dzina lake m'matagi, kuti gemu idziwe lomwe lakhudzidwa. Ndikulemba ndikutchula: dzenje 1, dzenje 2, dzenje 3.

"Mayina ake ndi amenewo?" afunsa Baba.

Ndati dzina lililonse limatheka, kompyuta sisankha.

"Nkhabe. Amenewo ndi mayina a akaidi. Fufuta."

Ayamba kutchula okha. Malo onse amene ankatchera maukonde ndi a Zuze, kuyambira kumtunda kutsika ndi madzi. Mbali yawo, tsidya lino. Mbali ya a Zuze, tsidya linalo. Pamvuu. Pamgwalangwa. Mlambawakuda. Pomira Fosholo. Kwa Apwitikizi. Pamene Zuze Analira. Lililonse ndi nkhani yake, ndipo dzina sililembedwa nkhani isanathe. Pamene Zuze Analira: ng'ona inawalanda ukonde watsopano tsiku loyamba kuuponya. A Zuze mpaka lero amati anali madzi chabe kumaso.

Tafika pa nyumba yawo, dzenje la ngodya zinayi lija. Ndadikira, zala zili pamabatani.

"Dooko la Malita."

Malita ndi malemu amayi anga. Pamenepo m'pamene ankaima ndi beseni m'mawa uliwonse, kudikira bwato. Ndalemba. Ndayang'ana kawiri ngati ndatseka tagi.

Zatheka lero:
mayina 32
nkhani 32
gemu 0

Joana wasiya kuwerenga mawu.

Lachisanu, 17 Okutobala

Tsiku loyesa. Thabwa lakwana pafoni, mizere yosathyoka, dzenje likakhudzidwa limawala n'kutulutsa nkhomo zake. Ndanyadira pang'ono.

Vuto loyamba: foni sikumva chala cha Baba. Zaka zonse za nkhafi ndi zingwe, khungu linauma ngati chikopa cha ng'oma. Akudina, foni ili duu. Anyambita chala, yamva. Ndiye kuti masewero onse azikhala onyambita. Chabwino.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu. Wosewera bawo sayamba wanyamula nkhomo. Amayamba wawerenga, chala chikuyenda dzenje ndi dzenje, kuona kumene akagwere, kubwerera, kuyesanso njira ina. Pathabwa kuwerenga n'kwaulere. Pafoni kukhudza ndiye kusewera. Baba angowerenga kamodzi, gemu yawaseweretsa kasanu ndi kawiri.

"Ndani wasuntha nkhomo zanga?"

Ndati awerenge chala chili m'mwamba, osakhudza. Andiyang'ana ngati ndawauza kuti apalase bwato nkhafi isakukhudza madzi.

Zimene ndayesa:

1. Kusewera kukhale kudina nthawi yaitali. Koma Baba akamaganiza chala chimagona padzenje. Gemu yasewera yokha.
2. Kudina kawiri. Chala chawo chimanjenjemera, kudina kulikonse ndi kuwiri.
3. Kabokosi kofunsa kuti "Mwatsimikiza?" Ndawawerengera. "Foni ikundifunsa ine ngati ndatsimikiza? Zuze yemwe sanandifunsepo."

Ndabwerera ku zida zonse zitatu. Muli mitundu, mithunzi, mabatani ovina. Posankha kuti chala ichi chikungowerenga, palibe.

Madzulo ndaona dzanja lawo lamanzere lili chofumbata pabondo nthawi yonse yoyesayo. Lopanda kanthu. M'mene mumakhala nkhomo.

Loweruka, 18 Okutobala

M'mawa ndalemba zotsala, kuti mtima ukhale pansi:

malamulo a bawo (kudya, kutakata, kugona): sindinayambe
kulumikiza mafoni awiri: sindikudziwa
za chala: onani dzulo

Mtima sunakhale pansi.

Ndakwera pachulu kuimbira mwana wa a Zuze, kuti ndimuuze mmene aikire gemu pafoni ya bambo ake. Waseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, foni ya adadi ndi ya mabatani, ija yomanga ndi mphira. Yanga ndimapita nayo kukwaya, Lamulungu lonse sindikhalapo."

Masiku asanu ndikusankha chida. Funso limeneli linali la mphindi imodzi, Lolemba.

Ndatsika pang'onopang'ono. Ndapeza Baba ameta ndevu. Malaya awo oyera ali pachingwe. Thabwa latuluka kuseri kwa chitseko, alitsuka, alipaka mafuta ophikira, sopo wasamukira pawindo. Akuwerenga nkhomo m'kachitini, zaperewera zitatu, Joana wawapatsa nthanga za malambe. Akuti angofuna likhale pafupi pamene akusewera pafoni, dzanja lisasowe chogwira.

Ndagwada pambali pawo. Ndanena zonse: gemu kulibe, mawa kulibe, mwina Khirisimasi, mwina ayi.

Amvetsera mpaka kumapeto. Atseka kachitini.

"Takhuta, mwananga."

Mawu ena sanatulukenso lero. Joana sanandinene. Bola akanandinena.

Lamulungu, 19 Okutobala

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndimakonza mawu opepesa kwa a Zuze.

Pobwera ndapeza Baba ali pansi pa mtondo, malaya oyera, thabwa pamiyendo, nkhomo zili kale m'maenje mbali zonse ziwiri.

"Muimbire."

Ndati pano netiweki imavuta. Akuti ya intaneti ndiyo imavuta, yolankhula imafika ukaika foni pamphanda ya mtondo, amaona Joana akuimbirapo ogula nsomba. Ndaiika pamphandapo, mawu okweza. Yalira kawiri.

Moni sanapatsane.

"Zuze. Kumba maenje pansi, tola miyala. Tsidya lino ndi langa, kuyambira Pamvuu kutsika. Lako liyambira Pamgwalangwa."

Kwamveka kupuma, kenako mawu a munthu amene akudzuka movutikira. "Mzere wakutsogolo ukathere pati, Kwa Apwitikizi?"

"Nanga pati."

Sanafunse china. Malo onse akuwadziwa ndi ndondomeko yake, ngati masiku a sabata. Angokangana pa awiri, loyamba ndi liti pakati pa Mlambawakuda ndi Pomira Fosholo, ndipo ndasegula laputopu kuti ndione m'matagi. Onse awiri andiuza kuti ndisalowerere. Za Pamene Zuze Analira, a Zuze akuti adzasewera koma dzinalo sakulivomereza.

Aliyense akutchula pomwe wanyamula ndi kumene akulowera, ndipo aliyense akuyendetsa nkhomo za onse awiri pathabwa lake. Chala cha Baba chikuyenda, kubwerera, kugona padzenje mmene chifunira. Palibe chikuwala. Kawiri mathabwa asiyana, wina ali ndi nkhomo zinayi pomwe mnzake ali ndi zisanu. Kawiri konse wakuba ndi winayo.

Chakumadzulo Baba atsala pang'ono kutha. Ngakhale ine ndaona: a Zuze akanyamula Pamgwalangwa, akagwera moyang'anana ndi nyumba ya Baba n'kuikokolola yonse. Koma a Zuze asananyamule, afunsa kaye.

"Dzenje la ngodya zinayilo unalitcha chiyani, paja?"

"Dooko la Malita."

Kenako a Zuze anyamula kwina, kumapeto, kopanda phindu.

"Wataya dala," atero Baba.

"Maso, mnzanga. Sindionanso bwino."

Baba apukuta kumaso ndi mkono wa malaya oyera. Akuti ndi thukuta. Apambana, ndipo sanadzitame, chinthu chimene sichinachitikepo. Agwirizana za Lamulungu likudzali, a Zuze akuti apeze kaye thabwa lenileni, nkhuku zikumawafukulira maenje.

Mawa ndibwerera kukatayipa makalata. Chida sindinasankhe. Mu laputopu muli thabwa la mbawa losagwira ntchito, lina lothyoka mizere, ndi lachitatu lokhala ndi mayina makumi atatu ndi awiri, matagi onse otseka. Limenelo sindifufuta.

Ntchito yanga pa gemuyi, malinga ndi Baba: Loweruka lililonse ndizikumbutsa Joana kutchaja foni.